Tikuwoloka Diamphwe

Sonkhezerani chikuni icho, nkhani iyi sifuna mdima wambiri. Ndi ya pamsewu wa tala womwewu, umene mumadutsa mukusinza m'minibasi kukamwa kuli yasa, ndipo si yakale ayi. Inachitika magalimoto amagetsi atayamba kale kuoneka, aja ang'onoang'ono opanda phokoso, oti nkhuku imazindikira tayala lili pamsana.

Ku Dedza kunali mayi wina, Velina Nachisale, amene anali nako kagalimoto kotereka. Anamutumizira ndi mwana wake Yankho, yemwe amagwira ntchito ku Joni, nthawi ija mafuta anasowa anthu n'kumagona pamizere. Anyamata a kabaza anakatcha Ketulo, chifukwa madzulo alionse Nachisale ankakalumikiza kukhoma ngati akuwiritsa madzi a tiyi. Iye sankaseka nawo. Kuseka kumafuna mphamvu, ndipo zake zonse zinkathera pa amuna ake.

A Gelesomu, amuna akewo, impso zinawakana. Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse ankayenera kukagona pa makina osefa magazi kuchipatala chachikulu ku Lilongwe. Akaphonya tsiku limodzi, miyendo inkatupa, mpweya n'kumabanika. Adokotala sanabise mawu: makinawo ndiwo anali moyo wawo. Munthu amene anayendetsa malole kuyambira unyamata wake tsopano ankagonekedwa pampando wakumbuyo, mutu pa pilo, akuyendetsedwa ndi mkazi yemwe anamuphunzitsa okha chiwongolero pabwalo la mpira.

Vuto linali pa Ketulo. Batire lake linali laling'ono. Kupita ku Lilongwe kankafika bwinobwino, koma pobwerera moto unkathera panjira. Potchajira m'tauni ukapita, upeza mzere, kapena upeza magetsi athima, mlonda akungokupatsa moni. Tsiku lina kanaima pa Chimbiya dzuwa litalowa, a Gelesomu akunjenjemera ndi mphepo, mpaka lole ya mbatata inawakoka ndi chingwe kukafika kwawo. Nachisale anati zimenezo zisadzachitikenso ali moyo.

Ndiye anapita ku Biwi, kumagalaja, kwa mekaniki wina dzina lake Lufeyo, wodziwa za mabatire owonjezera. Awa ndi mabokosi achitsulo amene amaikidwa kubuti n'kulumikizidwa ku batire la galimoto, kuti kagalimoto kofooka kazitha kupita kutali n'kubwerako. Latsopano Nachisale sakanalitha. Lufeyo anakanda m'mutu, n'kupita kuseri kwa galaja, n'kubwerako ndi anzake awiri atanyamula bokosi lotuwa, lophwanyika pang'ono pakona, akubuula ndi kulemera kwake.

"Ili ndi la kaunjika, mayi, koma ndi nkhwangwa," anatero Lufeyo. "Mupita ku Lilongwe, mubwerera, mukafuna mupitenso."

"Lachokera kuti?"

"Mayi, batire lilibe kwawo. Lili ndi mawaya basi."

Nachisale anali wotopa kwambiri moti sanafunsenso. Walira mvula walira matope.

Chinthu choyamba chimene anaona n'chakuti Ketulo kanakhala pansi mbali imodzi, kumbuyo chakumanzere, pomwe bokosilo linali pakati penipeni pa buti. Anati mwina ndi masipuling'i. Chachiwiri chinali fungo. M'galimoto munkamveka kafungo ka sopo wosambira ndi fumbi lonyowa, ngati wakwera munthu wongochoka kubafa n'kuyenda pamvula yoyamba. Anatsuka mipando, anayanika makapeti, fungo silinachoke.

Chachitatu chinali milatho. Panjira ya Dedza ndi Lilongwe pali mitsinje yake: Linthipe, Diamphwe, Nathenje, Nanjiri. Pakagalasi kosonyeza moto, timizere tobiriwira tinkakhala todzaza bwinobwino pachitunda, pachigwa, paliponse. Koma matayala akangogunda mlatho, kagalimoto kankalemera ngati wina wakagwira kumbuyo, ndipo kamzere kamodzi kankazima nthawi yomweyo. Kuwoloka kwa mphindi yochepa kunkadya moto woposa chitunda chonse cha Dedza. Ankafikabe kwawo, koma mtima uli m'mwamba.

Kenaka tinthu tinayamba kusuntha. Nachisale ankafunditsa bokosilo ndi chitenje chakale kuopa fumbi. M'mawa ankachipeza chitapindidwa bwino, chaikidwa pambali, mapindidwe ake a munthu woleredwa. Kapu ya fulasiki ya a Gelesomu inasowa pampando, n'kupezeka kubuti itaima pamwamba pa batire, yosagwa ngakhale anadutsa m'maenje onse a pa Kamphata. Nthochi akagula zinayi, pofika ankapeza zitatu, ndipo a Gelesomu nthochi anawaletsa madokotala.

"Bambo a Yankho, mwayamba kuba nthochi?" anafunsa tsiku lina, akuwayang'ana pagalasi.

"Ine? Ndi mphamvu ziti?" anayankha a Gelesomu, maso ali chitsekere.

M'bandakucha, akapita kukachotsa chingwe chotchajira, Nachisale ankamva kugogoda kuchokera kubuti. Sikunali kugogoda kwa munthu wofuna kutuluka. Kunali kwa zala, mmene dalaivala amaombera pachiwongolero akamadikira kuti mzere uyende. Akatsegula buti, zii. Kanyali kobiriwira ka pabokosi kankangomuyang'ana.

Munthu wotopa amadziwa kudzinamiza. Nachisale anati ndi chitsulo chikuzizira.

Koma anthu a panjira sankadziwa kuti iye akudzinamiza. Pa Chimbiya anaima kuti agule chimanga chootcha, n'kukweza zala ziwiri. Mayi wogulitsa anabwera nazo zitatu.

"Ndati ziwiri."

"Nanga achimwene awo sadya?" anafunsa mayiyo, akuloza ndi chibwano kumbuyo. Anawerama kuti ayang'anitsitse, n'kuona kuti mulibe munthu wachitatu, n'kubweza chimanga chimodzi m'beseni. Anachoka osatsanzika.

Pa rodibuloko wapolisi wina wansangala anasuzumira pawindo n'kunena kuti, "Muyende bwino nonse atatu." Nachisale anayankha kuti zikomo, chifukwa wapolisi sutsutsana naye.

Ndiye panali indiketa. Pa Kamphata pali mphambano, pomwe msewu wa ku Nkhoma umapatukira. Ulendo uliwonse akayandikira pamenepo, indiketa inkayamba yokha, thi, thi, thi, kuloza ku Nkhoma. Akaizimitsa, inkayambanso. Akadutsa mphambanoyo inkalirabe kanthawi, kenaka n'kusiya pang'onopang'ono, ngati mwana amene waona kuti kulira sikuthandiza.

Lachisanu lina pobwerera, dzuwa litapendeka, Nachisale anamva amuna ake akulankhula motsitsa kumbuyo. Anaganiza kuti akupemphera. Koma pemphero silikhala ndi mipata yodikira yankho, ndipo munthu saseka pakati pa pemphero.

"Mukulankhula ndi ndani?"

A Gelesomu anadzutsa mutu pa pilo. "Nachisale, mwakhala mukunyamula mlendo osamupatsa moni."

"Musandiopseze, ndili pachiwongolero."

"Sindikukuopsezani. Ndi mwana wofatsa. Akuti dzina lake ndi Sankhani." Anatsokomola n'kukonza pilo. "Ine pa lole paja ndinanyamula maliro ambiri, mukudziwa. Munthu akamwalira kutali ndi kwawo, pomutengera kumudzi sumangomuponya kumbuyo ngati thumba la feteleza. Umamuuza. Ponyamuka umati, tikunyamuka. Pamtsinje uliwonse umamutchulira dzina lake, kuti tikuwoloka wakuti. Pofika umati, pano ndi pakhomo, tsikani. Ukapanda kutero madzi amamutsekereza. Amagwira galimoto. Ndinaonapo lole yabwinobwino ikuzima pakati pa mlatho chifukwa amalume ake a malemu anali atagona tulo."

"Ife sitinanyamule maliro."

"Ndiye tayesani. Diamphwe uyo akubwera."

Nachisale anaona kuti n'zopusa, mayi wa mvano kulankhula ndi buti. Koma mlatho unafika, kagalimoto kanayamba kulemera, ndipo pakamwa panatseguka pokha.

"Sankhani," anatero ndi mawu owuma, "tikuwoloka Diamphwe."

Ketulo kanapepuka. Kanawoloka ngati kakutsetsereka, ndipo timizere tobiriwira tinakhala momwe tinalili. Pa Linthipe anateronso, ndipo zinali chimodzimodzi. Anafika ku Dedza moto utatsala wambiri kuposa tsiku lina lililonse. Nachisale anazimitsa galimoto n'kukhala momwemo.

Lachiwiri, a Gelesomu atalumikizidwa kumakina awo, iye anapita ku Biwi. Lufeyo atamuona anayamba kupukuta manja amene anali oyera kale.

"Batire lija lachokera kuti?"

"Lavuta, mayi? Tikhoza kuliyang'ana."

"Lufeyo, ndine msinkhu wa mayi ako. Lachokera kuti?"

Mekanikiyo anayang'ana pansi. Anati linachokera m'kagalimoto koperekera katundu kamene kanagubuduzika pafupi ndi Nanjiri mvula yapitayi. Dalaivala wake anali mnyamata, ankapita kwawo kukaona mayi ake odwala, n'chifukwa chake anaikitsa batire lowonjezera. Anafera pomwepo. Thupi analitenga a kampani, n'kulitumiza kumudzi pa pikapu ya hayala, dalaivala wachilendo, wailesi ikulira njira yonse. Kagalimoto kanaphwanyika konse, koma bokosilo linatsala lamoyo, kanyali kakuyaka.

"Dzina lake anali ndani?"

"Ankangoti Sankhani. Wa uko kuseri kwa Nkhoma."

Nachisale anabwerera kuchipatala n'kukawauza amuna ake zonse.

Madzulo ake a Gelesomu ananena mosazungulira. "Timuperekeze kwawo, Nachisale. Anali paulendo, sanafike."

"Akatsika, batire likhalabe ndi moto?"

"Sindikudziwa. Ndikukayika."

"Ndiye ayi." Anaika kapu patebulo mwamphamvu. "Moyo wanu uli m'bokosi limenelo. Popanda ilo tidzaimanso pa Chimbiya, ndipo ulendo uno mudzandifera m'manja. Wakufa wafa kale. Adikire."

Ine sindimuweruza mayi ameneyu, ndipo inunso musafulumire. Amene sanatsukepo mkodzo wa munthu amene amamukonda asatsegule pakamwa. Koma zimene anachita ndi izi: anaphunzira mwambo uja n'kuusandutsa chingwe. Ulendo uliwonse ankatchula mitsinje yonse mwaulemu, ankagula chimanga zitatu, chimodzi n'kuika kubuti. Batire linkayenda ngati latsopano. Pa Kamphata indiketa ikayamba, ankati, "Posachedwa, mwananga. Abambo akangopezako bwino." N'kudutsa.

Abambowo sankapezako bwino. Mwezi wa Juni unafika ndi chisanu chake cha ku Dedza, choluma mpaka m'mafupa. A Gelesomu anaonda, khungu linatuwa, mikono inadzaza zipsera za masingano moti anamwino ankasowa pobaya. Akachoka pamakina ankakhala ngati chovala chofinyidwa. Nachisale naye maso analowa m'kati. Ankadzuka kusanache, kuwasambitsa, kuwanyamula, kuyendetsa, kudikira pabenchi, kuyendetsanso. Yankho akaimba foni ankamuuza kuti zonse zili bwino, chifukwa mwana ali kutali sumusenzetsa katundu woti sangamutule.

Kugogoda kwa m'bandakucha kunasintha. Zala zija zinasiya kuthamanga. Kunkamveka kamodzi, n'kudikira, kenaka kamodzinso. Chitenje sichinkapindidwanso, chinkangopezeka chagwera pansi. Chimanga cha kubuti chinkabwerako chosakhudzidwa. Nachisale zimenezi zinamupweteka kuposa mantha, chifukwa ankadziwa mmene munthu amasiyira kudya.

Lachisanu lina chakumapeto kwa Julayi anatuluka kuchipatala mochedwerapo. Tsikulo makina anavuta, magazi a a Gelesomu anatsika, anamwino n'kumathamangathamanga. Pofika pa Kamphata dzuwa linali litafiira. Indiketa inayamba monga mwa masiku onse. Nachisale anatsegula pakamwa kuti anene bodza lake lija, koma Ketulo kanayamba kuchepetsa liwiro kokha, n'kukaima pambali pa msewu, pamphambano penipeni. Timizere tonse tinali tobiriwira. Anaponda, kanakana. Anazimitsa n'kuyatsanso, kanakana.

Mayi wina wogulitsa tomato anadzuka pamalo pake n'kubwera pawindo, mwana ali kumsana.

"Lero mwaima," anatero. "Ife timadabwa. Bwanji simumutsitsa mnyamatayu? Ulendo uliwonse mukamadutsa amakhala atagwira galasi lakumbuyo ndi manja onse awiri, akuyang'ana msewu uwu."

Mayiyo anayang'ana kumbuyo, anaona bambo mmodzi yekha wodwala ali pa pilo, anakonza mwana wake kumsana n'kubwerera ku tomato wake chambuyo.

Indiketa inkalirabe.

"Nachisale," anatero a Gelesomu.

"Musanene."

"Ndinena. Munthu sasungidwa ndi mawaya mpaka kalekale. Funsani ine."

Apa Nachisale analira. Sanalire mokuwa, analibe mphamvu zake. Anangogoneka mphumi pachiwongolero misozi n'kumagwera pamiyendo. "Ndiye mukufuna nditani? Ndikamupereka, Lachiwiri tidzayenda bwanji? Mukufuna ndikhale pakhonde ndikuonereni mukutupa?"

"Lachiwiri lidzadziwa lokha. Mwandinyamula mokwanira, mayi. Palibe amene adzanene kuti Nachisale anataya mwamuna wake." Anapuma movutika. "Koma mwana uyu si wathu. Watisenza miyezi yonseyi osadandaula. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Iye watopa. Inenso ndatopa. Inunso mwatopa, kungoti simuvomera."

Nachisale anakhala choncho mpaka misozi inauma yokha. Kenaka anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, n'kugwira chiwongolero.

"Sankhani," anatero, "tikunyamuka. Tikupita kwanu."

Sanaponde n'komwe mwamphamvu. Ketulo kanakhotera kumanzere mofewa.

Njira sankaidziwa, koma indiketa inkaidziwa. Anadutsa pa Nkhoma, tala anatha, analowa msewu wafumbi. Pamphambano iliyonse kankalira, thi, thi, thi, ndipo iye ankangomvera. Anafika pakamtsinje kena kokhala ndi mlatho wamatabwa, kagalimoto n'kuyamba kulemera. Nachisale dzina la kamtsinjeko sankalidziwa. Anatsika, n'kupita kwa mayi amene ankanyamula ndowa yake kutsidya.

"Pepani mayi, mtsinje uno dzina lake ndi chiyani?"

Mayiyo anayang'ana kagalimoto, anayang'ana Nachisale, n'kutula ndowa pansi. Kumudzi amadziwa kuti funso limenelo amafunsa ndi onyamula maliro. "Ndi Kanyungu," anayankha motsitsa, n'kugwada pambali pa njira mpaka anadutsa.

Chisisira chikugwa, indiketa inawalowetsa pabwalo la nyumba ya njerwa yofoleredwa malata mbali imodzi, mbali inayo mitengo ili poyera. Pamenepo inasiya kulira. Galu wakuda, wowonda, anatuluka kuseri akuuwa, koma atafika kumbuyo kwa galimoto anasiya. Anayamba kulira mopyapyala, mchira ukugwedezeka mpaka chiuno chonse, akukanda buti ndi zikhadabo.

Pakhomo panatuluka mayi wachitsikana, manja ali ndi ufa. Anali Felesiya, mlongo wake wa Sankhani. Anayang'ana galuyo, osati alendo.

Nachisale anatsika. Unganene chiyani pakhomo pa eni? A Gelesomu ndiwo anatsitsa galasi n'kulankhula ndi mawu awo otsalawo.

"Odi, mayi. Tabwera ndi Sankhani."

Felesiya anakhala pansi pomwe anaimapo, pafumbi. Sanafunse kuti ndinu ndani. Anangoti, "Amayi ankanena. Tsiku la maliro anagwira bokosi n'kunena kuti, umu mulibe mwana wanga, mwabweretsa zovala zake. Anthu anati ndi chisoni chikuwalankhulitsa. Ankakhala pakhonde apa madzulo alionse kuyang'ana kunjira." Anayang'ana kukhondeko. "Tinawaika mwezi wathawu."

Mawu amenewo anamulasa Nachisale pamtima. Mwezi wathawu iye anali akudutsa pa Kamphata kawiri pamlungu, akunena kuti posachedwa. Anagwada pamaso pa Felesiya. "Ndinamuchedwetsa ndine, mwanawe. Ndinkadziwa. Ndinkafuna moto wake."

Felesiya anayang'ana bambo wotuwa uja pampando wakumbuyo, mikono yake yomangidwa mabandeji, ndipo anamvetsa zimene sanauzidwe. "Achimwene anali otero," anatero. "Sankatha kusiya munthu panjira. Tsegulani."

Nachisale anatsegula buti. Kanyali kobiriwira kanali kakuyaka. Felesiya anapukuta ufa m'manja, anagwada, n'kulankhula ngati akudzutsa munthu wogona m'basi.

"Achimwene, mwafika. Pano ndi pakhomo. Tsikani."

Masipuling'i analira pang'ono. Mbali ija ya kumanzere, imene inakhala pansi miyezi yonseyi, inakwera n'kulingana ndi inzake. Kanyali kanazima. Galu anachoka pagalimoto n'kuyamba kuyenda kupita kukhonde pang'onopang'ono, mutu uli m'mwamba, akuyang'ana pambali pake pomwe panalibe munthu. Fungo la sopo ndi fumbi lonyowa linadutsa pakati pa amayi awiriwo n'kutha.

Nachisale anamasula mawaya mmene Lufeyo anamuonetsera. Bokosi lija, limene amuna atatu ankabuula nalo, amayi awiri analinyamula osapuma n'kuliika pakhonde.

"Mugone konkuno," anatero Felesiya. "Kwada, ndipo abambowa sali bwino."

Nachisale anayang'ana pakagalasi. Batire la Ketulo lokha linali litatsala ndi kamzere kamodzi, kofiira. Ankakadziwa kagalimoto kake. Moto umenewo ukanawafikitsa pa tala, mwina kupitirira pang'ono, koma osati ku Dedza, ndi zitunda zake zonse zija. Anati avomere, koma a Gelesomu anayankha msanga.

"Zikomo, mayi, koma ine ndikufuna ndikagone kwathu."

"Bambo a Yankho, moto sukwana."

"Tiyeni, Nachisale. Pomwe tikaime, tikaima."

Anabwerera njira yomwe ija. Pa Kanyungu anawoloka chete, kagalimoto sikanalemere. Mlendo anali atatsika, panalibenso womuuza. Nachisale anamva kupepuka kwachilendo, kosakanikirana ndi mantha a Lachiwiri. Ankayendetsa pang'onopang'ono kusunga moto, nyali zikuwala mofooka. Atafika pa Kamphata n'kukhotera ku Dedza, indiketa anaiyatsa yekha, ndipo kwa nthawi yoyamba inazima pomwe anaizimitsa.

"Mumayendetsa bwino, Nachisale," anatero a Gelesomu kumbuyo. "Sindinakuuzenipo."

"Munkati ndimagwira chiwongolero ngati ndikupha nkhuku."

"Ndinkaopa mungadzitame." Anaseka kaphwete kakang'ono. "Ndigoneko pang'ono. Mundidzutse tikafika."

"Gonani."

Msewu unali wopanda anthu, mphepo ya Julayi ikuwomba udzu wouma m'mbali. Nachisale ankangoyang'ana kamzere kofiira kaja, kakuphethira koma kosazima. Anaona zitsulo zoyera za mlatho wa Diamphwe zikubwera m'kuwala kwa nyali, ndipo sanatsegule pakamwa, poti ntchito imeneyo inali itatha.

Matayala atangogunda mlatho, Ketulo kanalemera.

Kanalemera mmene kankachitira kale, ngati wina wakagwira kumbuyo. Liwiro linatsika, linatsikanso, mpaka kanaima pakati penipeni pa mlatho, madzi akumveka pansi. Kamzere kofiira kanali kakuyakabe. Nachisale anaponda, kanakana.

"Koma tamusiya kwawo," anatero mokweza, mokwiya. "Tamusiya, ndaona ndi maso anga! Bambo a Yankho, mukuona zimenezi?"

Kumbuyo sikunachoke yankho. Kupuma kuja kokoka, kumene anakumva usana ndi usiku kwa zaka ziwiri mpaka kuleka kukumva, kunalibe. Anamva mpando wakumbuyo ukulira pang'ono, kagalimoto n'kukhala pansi mbali imene kunali pilo.

Nachisale sanacheuke. Dzanja lake linapita pagalasi loonera kumbuyo n'kulitembenuzira kumwamba. Anakhala pamenepo manja onse awiri ali pachiwongolero, akumva mtsinje. Anafuna kukuwa, anafuna kutsika n'kuthamanga, koma anakumbukira amalume aja amene anagona tulo pa lole. Munthu uyu anamuphunzitsa yekha zoyenera kuchita, ndipo anamuphunzitsa nthawi ikadalipo.



"Bambo a Yankho," anatero, "tikuwoloka Diamphwe."

Ketulo kanayenda.

Pa Chimbiya kamzere kofiira kanazima, kagalasi konse kanada, koma matayala sanasiye kuzungulira. Nachisale anachotsa phazi pansi n'kuona kuti palibe chasintha. Kagalimoto kankakwera zitunda mofatsa, mosathamanga, kakuchepetsa pamakona nthawi isanakwane, mayendetsedwe a dalaivala wa lole amene wanyamula katundu wosweka. Pa Linthipe anawauza. Anawauzanso atayamba kuona magetsi a Dedza, ngakhale umenewo si mtsinje, chifukwa ankafuna kulankhula nawo basi.

Kanaima kokha pageti pawo. Nachisale anatsika, anazungulira n'kutsegula chitseko chakumbuyo. Anali atagona chammbali, dzanja lili kunsi kwa tsaya, nkhope yosalala ngati ya munthu amene watula katundu. Anawakonzera bulangete paphewa, n'kugwada pafumbi lozizira.

"Mwati ndikudzutseni tikafika," anatero. "Pano ndi pakhomo, bambo. Tsikani."

Masipuling'i analira pang'ono, ndipo nyali za Ketulo zinazima.

Chikuni chathu nacho chatha. Amene mukupita kutsidya, mudutse pamlatho mwaulemu.